Evelesi ndi Mfuti Ziwiri za ku Makhanga

Evelesi Jeremiya ndi mwana wa mlongo wanga, malemu Helena. Kunja amamutchula kuti Pulofesa. Kuno ku Makhanga anthu amangoti "uja wa mabomba", ndipo ena ankakhulupiriradi kuti amapanga mabomba ndi manja ake. Sapanga. Ntchito yake ndi ya malamulo. Amaphunzitsa kuyunivesite, komanso amathandiza mayiko kumanga mapangano oletsa mabomba a nyukiliya, aja akuti limodzi lokha likhoza kufafaniza mzinda wonse. Ndinafotokozapo zimenezi pamaliro ndi pamsika mpaka ndinatopa.

Anabadwira m'nyumba ya udzu pafupi ndi njanji, nthawi imene sitima inkadutsabe. Bambo ake, a Jeremiya, anali Msena wa tsidya la ku Mozambiki amene anadzakwatira kuno. Kwa Helena kunabadwa ana awiri, Evelesi ndi mlongo wake wamng'ono Paison. Inenso ndili ndi awiri, Alick ndi Josephine. Anayiwa ndi asuweni. Anakulira bwalo limodzi, akutukwanana ndi kulandana mbatata monga chisuweni chimalolera.

Nkhondo ya ku Mozambiki itafika poipa, anthu ankawoloka mtsinje wa Ruo ndi ana kumsana, mbuzi pachingwe. Tsiku lina Evelesi, ali kamtsikana, anali kumtsinje ndi bambo ake. Ine ndinaliponso. Tinaona amuna a mfuti akuthamangitsa anthu mpaka m'mphepete mwa madzi. Anthuwo analowa mumtsinje. A mfutiwo anaima pamchenga, n'kubwerera.

"Madzi ake ndi a m'mawondo," anatero Evelesi. "Bwanji sakuwoloka?"

"Kuno ndi dziko lina. Lamulo silikuwalola," anayankha a Jeremiya.

"Lamulolo lili ndi mfuti?"

"Nkhabe, lilibe."

"Nanga akuliopa chiyani?"

A Jeremiya anamugwira dzanja, tinabwerera kumudzi. Kunena zoona, masiku ena a mfutiwo ankawoloka ndithu n'kudzaba mbuzi. Koma mwanayo anagwira za tsiku limenelo, ndipo funso lakelo wayenda nalo moyo wake wonse.

Mwa anthu othawawo munali mng'ono wa a Jeremiya, amene anathawa usilikali. Anafika ndi mfuti yokulunga mumkeka, anaisiya kwa mkulu wake, ndipo nkhondo itatha anabwerera kwawo osaitenga. A Jeremiya atamwalira, mfutiyo inatsala ndi Paison. Alick naye, ali mnyamata, anasinthanitsa mbuzi ndi mfuti kwa msilikali wina wanjala. Ambiri ankatero masiku amenewo. Nkhanizi tinkazidziwa, koma palibe ankazitchula.

Evelesi sukulu ankaikhoza. Helena ankayanika nsomba za makakana n'kukagulitsa ku Bangula, mwanayo n'kumapita patsogolo. Anaphunzira malamulo ku Zomba. Anagwirako ntchito m'boma ku Lilongwe, kenako anapita ku Ulaya kukawonjezera maphunziro. Kumeneko, ku Vienna, anakhala zaka zingapo ngati loya wa anthu oyendera, aja amatumidwa kukasuzumira m'mafakitale a mayiko kuti aone ngati sakupanga bomba mobisa. Iye sankavala chipewa n'kukalowa m'fakitale ayi. Ankalemba malamulo onena kuti woyendera angalowe pati, angatsegule chiyani, ndipo mwini nyumba angakane pati. Atachoka kumeneko anakaphunzitsa ku South Africa, ndipo imvi zitayamba anabwerera kudzaphunzitsa ana a kuno kwathu. Kumisonkhano ya mayiko amapitabe.

Atabwera kudzaika maliro a mayi ake ndinamufunsa mosabisa.

"Dziko lino lilibe bomba. Ngakhale mlatho wa pa Mtayamoyo, wowolokera ku Bangula, tilibe. Iwe ukuvutikiranji ndi za eni ake?"

"Utsi sudziwa malire, amalume. Akuluakuluwo akaponyerana, dzuwa lidzaphimbika kuno komwe, mapira osacha. Komanso mwala wopangira zinthuzo unkakumbidwa ku Karonga. Wina ayenera kudziwa kumene ukupita."

"Akuluakuluwo amakumvera?"

"Nthawi zina. Ndili mwana mabombawo anali ochuluka kuposa lero. Achepa, koma sanathe. Mapangano ena asweka ine ndikuona."

"Ndiye ntchito yake ndi yotunga madzi ndi dengu."

"Dengulo limanyowako," anatero.



Mavuto a kuno anabwera ndi madzi. Chigumula cha 2015 chinakwirira minda ndi mchenga, namondwe wa Freddy anadzamaliza zotsala. Nthaka yabwino inatsala pang'ono, kudimba m'mphepete mwa dambo. Paison ndi mlimi wa kudimba. Alick ndi wa ng'ombe, ndipo anasamukira kumtunda ndi anzake oweta. Njira yakale imene ng'ombe zinkapitira kumadzi inakokoloka, ndiye ng'ombe zinayamba kudutsa m'madimba. Zinadya chimanga cha Paison. Ng'ombe ya Alick inapezeka yotemedwa miyendo. Mbusa wake anamenyedwa, msasa wa Paison unapsa.

Kenako Paison ananena pamowa kuti, "Cha bambo chija ndili nachobe." Mawuwo atafika kumtunda, Alick anayankha kuti, "Nanenso changa sindinataye." Alimi anaima kumbuyo kwa Paison, oweta kumbuyo kwa Alick.

Ine ndinadziwa kuti zafika poipa tsiku limene awiriwa anakumana pachigayo. Kale Alick akanati, "Galu iwe, sunafe?" Tsiku limenelo anati, "Muli bwanji, bambo Jeremiya?" Paison anayankha, "Ndili bwino, kaya inu, bambo." Asuweni akayamba kupatsana ulemu, manda ali pafupi.

Nkhani inapita kubwalo. Za njira ya ng'ombe onse ankavomera kuti ikhoza kulambulidwa kwina. Koma palibe ankafuna kutsika kudimba ndi khasu pamene mnzake ali ndi mfuti. Madzi anali ataphwera, nthaka ili ndi chinyontho, nthawi yobzala ikudutsa. Ine sindikanathandiza. Paison ankati ndine bambo wa Alick, Alick ankati ndine malume wa Paison. Ndinkaona kuti ndiika m'manda mmodzi, wina n'kukafera kundende. Ndinaimbira foni Evelesi.

Paison atamva anayenda mudzi wonse. "Achemwali akubwera. Akumtunda aona mabomba!"

Evelesi sanafikire kuno. Anayamba wapita kuboma ku Nsanje kukakambirana ndi apolisi za munthu amene wabweretsa yekha mfuti yakale, ndipo anamvana nawo. Kenako anakwera minibasi mpaka pa Bangula, n'kuwoloka pabwato. Analibe bomba. Anali ndi sutikesi imodzi ndi ambulera.

Anawaitanitsa onse pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa tchalitchi.

"Paison, mfuti uli nayo?"

"Mfuti yanji, achemwali? Ine ndine mlimi."

"Alick?"

"Sindinaionepo chibadwire."

"Chabwino. Mfuti zimene kulibezo, mukazipereke tsiku limodzi. Apolisi sakumangani."

"Ayambe iye," anatero Paison.

"Akapereka chitsulo cha njinga, yeniyeni n'kuibisa, ine ndidziwa bwanji?" anatero Alick.

Evelesi anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva nyimbo yoidziwa. Anati mawu a munthu amene ukumuopa sumangowakhulupirira, umakaona wekha. Choncho alimi asankhe amuna awiri akafufuze kwa Alick, oweta asankhe awiri akafufuze kwa Paison.

Pamenepo bwalo linaphulika. Alick anaimirira.

"Mwamuna wa ndevu zake alowe kuchipinda kwa mkazi wanga Molly? Akatukule mphasa imene ndimagonapo? Evelesi, azungu anakudya mutu?"

Paison naye anakana chimodzimodzi. Tsiku limenelo ndi pokhapo pamene awiriwa anagwirizana. Anthu anabalalika, ena akuseka, ena akunena kuti maphunziro ochuluka amaiwalitsa mwambo.

Madzulo ake Evelesi anakhala pakhonde panga, mapazi otupa ali m'beseni.

"Ku Vienna kwanuko zimatheka bwanji?" ndinamufunsa.

"Kumenekonso amakana, amalume. Palibe dziko limafuna mlendo kuchipinda. Timakambirana zaka ndi zaka kuti tipeze munthu amene onse angamulole kulowa."

"Ife zaka tilibe. Chinyontho chikutha."

M'mawa mwake kunabwera Josephine, mwana wanga wamkazi, amene amagulitsa nsomba pa Bangula. Sanaodire. Anangolowa kuchipinda kumene Evelesi ankagona, n'kutuluka ndi sutikesi, n'kuikhuthula pakhonde.

"Mlamu, wabwera osandiuza? Tione zimene wandibweretsera. Sopo uyu ndi wanga. Nsapato izi zikukuthina, ndaona mayendedwe ako. Nanga bomba lili kuti? Ndikufuna ndikaphere nsomba."

"Siya nsapatozo, mfiti iwe, ndi zokaphunzitsira."

"Ukaphunzitse wopanda nsapato, ana adziwe kuti ndiwe wa ku Makhanga."

Evelesi anaseka, kenako anasiya kuseka. Anamuyang'anitsitsa Josephine akupinda nsapatozo m'chitenje.

"Josephine, kwa Paison umalowabe chonchi?"

"Mwamuna wanga uja? Ndinasiya chiyambireni mkanganowu. Koma nditafuna, angandiletse ndani?"

Evelesi anatembenukira kwa ine. "Amalume, oyendera ndawapeza. Ndinali nawo m'nyumba momwe muno."

Kwa ife msuweni ndi mkazi wako kapena mwamuna wako wa nthabwala. Amalowa paliponse, amatenga nkhuku, amakutukwana pagulu, iwe osakwiya. Womutsekera chitseko msuweni ndiye kuti wadula chibale, ndipo mudzi wonse umamuloza chala. Evelesi ndi msuweni wa Alick koma ndi mlongo wa Paison. Josephine ndi msuweni wa Paison koma ndi mlongo wa Alick. Evelesi akakafufuza kwa Alick, Paison akhulupirira; Josephine akakafufuza kwa Paison, Alick akhulupirira.

Evelesi anaika lamulo limodzi: kuona si kulanda. Wopeza mfuti asaigwire, angoitana anthu aone. Ananyamuka nthawi imodzi, dzuwa lili pamutu, aliyense ndi gulu la amayi pambuyo. Ine ndinatsatira Evelesi kumtunda. Ndinaima pabwalo, pakuti bambo salowa kuchipinda kwa mwana wake.

"Mwamuna wanga!" anakuwa Evelesi ali panjira. "Ndabwera kudzasesa m'nyumba mwanga. Zaka zonsezi osanditumizira ngakhale chitenje!"

Alick anatuluka nkhope ili gwa. Anaona amayi aja, anaona ine. Anadziwa chimene chabwera.

"Mkazi wothawa ukwati iwe," anatero pomaliza. "Unapita kwa azungu uli namwali, wabwera ndi imvi. Akukana kumeneko?"

Molly, mkazi wake, anaombera m'manja. "Lowani, mayi aakulu, lowani. Ine ndatopa naye, mutengeni."

Pulofesa uja anavula magalasi, anamanga chitenje, n'kulowa. Anatukula matiresi, anasuzumira kudenga, anakhuthula matumba a mchewere, anakwera ndi m'nkhokwe momwe. Anatuluka ali mbuu ndi fumbi, wopanda kanthu.

"Ndiye ulibe," anatero mokweza. "Ndikauze anthu kuti mwamuna wanga ankaopseza dziko ndi pakamwa pokha? Ndinakwatiwa ndi wailesi ine?"

Amayi aja anafa nacho chiseko. Alick sanapirire. Anatenga khasu, anapita kuseri kwa khola, n'kuyamba kukumba. Anati anaikwirira pamenepo posamuka, itanyowa kale ndi chigumula, ndipo chiyambire sanaifukulepo. Chimene chinatuluka m'dzenjemo chinali chitsulo chofiira ndi dzimbiri. Thabwa lake chiswe chinadya. Mumpope munali dothi lokhalokha.

Molly anagwira m'chiuno. "Anthu akhala osabzala chifukwa cha ichi? Ngakhale kuphulira mphika sichingathe!"

Tinatsika nacho chitsulocho kupita pabwemba paja. Kumeneko tinamva za Josephine. Iye anapeza mfuti ya Paison kudenga la nkhokwe, ili mupaipi ya pulasitiki, yopakidwa mafuta bwinobwino, zipolopolo zili m'sokosi. Sanaigwire. Anangokhala pansi pake n'kuyamba kulira maliro abodza kuti wapeza mkazi mnzake amene Paison amamudzoza mafuta pamene iye khungu likuchita mbuu. Anthu anadzaza bwalo, ndipo Paison anaitsitsa yekha.

Anafika nayo pabwemba ataikolekera paphewa. Ataona chitsulo cha Alick anaseka mpaka kukhala pansi. Kenako anadzuka.

"Ndiye ine ndiperekerenji? Iye akupereka dzimbiri, ine ndipereke mfuti? Ndapambana ine. Ng'ombe ikalowanso m'dimba mwanga, aona."

Alimi ena anamuvomereza. Chiseko chinatha. Ndinaona oweta akuyang'anana, ena akubwerera m'mbuyo. Mtima wanga unandiuza kuti taonjeza moto m'malo mouzima.

Evelesi sanakweze mawu.

"Alick, tsidya lija mfuti yabwino imagulidwa bwanji masiku ano?"

Alick anayang'ana pansi. "Ng'ombe ziwiri."

"Uli nazo zingati?"

"Zokwana."

"Wamva, achimwene? Dzulo Alick ankagona tulo chifukwa ankayesa kuti ali ndi mfuti. Lero wadziwa kuti alibe, ndipo mudzi wonse wadziwa kuti iwe uli nayo. Sagonanso. Mwezi uno usanathe agula yeniyeni. Iwe udzafuna yachiwiri, ndipo ng'ombe zogulira ulibe. Mpaka lero unkaopa dzimbiri. Ukaisunga iyo, udzaopa mfuti. Zimenezi ndaziona kwa anthu a zida zazikulu kuposa yakoyi, ndipo palibe anapambanapo."

"Ndi ya bambo," anatero Paison.

"Bambo sanaiombepo. Anasungira mng'ono wawo, mwini wake sanabwere."

Paison anagwirabe lamba wa mfutiyo. Josephine anamuyandikira.

"Sankha lero, mwamuna wanga. Ine kapena chimkazi chako chakudenga chija. Mitala sindiifuna."

Palibe anaseka. Ndiye Alick analankhula, osayang'ana munthu.

"Njira ya ng'ombe ndikalambula ndine ndi anzanga, titchinga ndi minga. Ndipo nkhalamba iyi," analoza Evelesi, "izibwera kudzasesa kwanga chaka chilichonse, ione ngati ndagula."

"Izibwera osanena tsiku," anatero Paison.

"Osanena tsiku. Josephinenso kwako chimodzimodzi."

Evelesi anandiuza pambuyo pake kuti mawu amenewo, oti woyendera abwere osanena tsiku, mayiko amatha zaka akukanirana.

Paison anavula mfutiyo paphewa. Anaitanitsa mkeka, anaikulunga monga inabwerera, anaika sokosi ya zipolopolo pamwamba. Kenako anayang'ana Alick.

"Galu iwe, unandigoneka kunja miyezi yonseyi ndi chitsulo cha bedi?"

"Ndiwe wamantha chibadwire," anatero Alick. "Unkathawa ndi nkhuku yomwe."

Apo m'pamene ndinapuma.

Tsiku lomwelo Paison ndi Alick anawoloka pabwato limodzi kupita ku Bangula, kumene apolisi ankadikira. Evelesi anapita nawo kuti zimene anamvana kuboma zichitike momwemo, ndipo zinachitika. Madzulo onse anabwerera kwawo.

Tinabzala mochedwa. Chimanga sichinachite bwino, koma mbatata ndi nyemba zinatipulumutsa. Njira ya ng'ombe ilipo. Minga ikaphwanyika ng'ombe imalowabe m'dimba, anthu amatukwanana, mwini ng'ombe amalipira thumba la mapira, nkhani n'kutha. Sindinganene kuti mfuti zonse za m'dera lino zinatuluka. Koma amuna ena awiri, ataona kuti Paison sanamangidwe, anakapereka zawo.

Evelesi anabwerera ku ntchito yake. Chaka chomwecho anandiuza pafoni kuti mayiko akuluakulu ayambanso kukanirana oyendera, ndipo ntchito ya zaka zambiri ikugwedezeka. Ndinamufunsa ngati asiya. Anati ali ndi kalasi ya ana makumi anayi, ndipo atatu mwa iwo akufunsa mafunso ovuta, mmodzi ndi mtsikana wa ku Ngabu. Ndinamufunsanso ngati funso lake la pa Ruo analipezera yankho. Anati theka lokha: lamulo lilibe mfuti, koma limagwira ngati mbali zonse zikuopa zimene zingachitike litachoka, ndiponso ngati pali wina wololedwa kukasuzumira.

"Vuto ndi loti mayiko alibe asuweni, amalume. Timachita kuwapanga."

Chaka chino anabwera mwezi wa Okutobala, kutentha kuli pachimake, osauza munthu. Anatsika bwato, anadutsa pakhomo panga osaima, n'kukwera kumtunda. Anagwetsa matumba a Alick, anasuzumira kudenga, anazungulira khola. Sanapeze kanthu. Anachokako ndi tambala kukhwapa, Alick akumutukwana mpaka kumsewu. Tambalayo tinadya kwathu. Josephine anabwera kudzadya nawo atavala nsapato zija.